Makatani Awiri, Mpando Umodzi

Ku Lokeshoni anthu ankandidziwa ndi pakamwa. Munthu akafuna kugula njinga yakale, bedi lachitsulo kapena jekete la pa okushoni, ankabwera kudzandibwereka monga amabwerekera nkhwangwa: tiperekezeniko, mukatinenerere. Ndinkapita. Njingayo ndinkaigwira, kuipukusira mutu, kuitchulira matenda amene inalibe, kenako n'kutembenuka ngati ndikupita, mpaka wogulitsa andiitane yekha. Luso langa lonse linagona pa kutembenukapo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti amene anapusitsidwa m'nkhani ino sanali mlendo wotsika sitima dzulo. Ndinali ine, telala wa pakhonde la Mmwenye, nditameza kale fumbi la Bulawayo zaka zambiri.

Inali nthawi ya nkhondo, nsalu zitasowa m'masitolo. Alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga wamkulu, anali atachotsedwa ntchito ku njanji. Chitsulo chinawagwera paphazi akutsitsa katundu, fupa linalumikizana mokhota, kakolo n'kuuma ngati chikuni. Anawapatsa chitupa chofunira ntchito, ndipo masiku ake anali kutha. Amene anakhalako m'tauni muno nthawi imeneyo akudziwa zimene ndikunena. Chitupa chikapanda dzanja la bwana, apolisi akangokupeza wapita, kaya kundende, kaya pa sitima yobwerera kwathu. Chipinda chimene ankagonamo mlongo wanga ndi ana ake chinali cholembedwa pa alamuwo. Iwo akapita, chipinda chapitanso.

Alamu anali Myao, Msilamu wosaphonya swala, ndipo asanabwere kuno ankasoka mikanjo ndi zisoti pamanja. Misoko yawo inali ngati mazira a nsabwe, kuti uione umayenera kutsinzina diso limodzi. Makina okha ndiwo sankagwirizana nawo. Ngakhale phazi lili bwino ankawapalasa ngati akupepesa, ndiye ndi kakolo kouma kaja panalibenso nkhani.

Munthu wina woyendetsa ngolo ya sitolo ya mipando, amene ndinkamugambira mabuluku, anandinong'oneza kuti kuseri kwa sitolo yawo, kumene amasoka makatani a m'nyumba za azungu, kukufunika munthu. M'mawa mwake ndinawabwereka alamu jekete langa, n'kuwauza kuti asakatsegule pakamwa, nkhani yonse akaisiye kwa ine. Iwo anati ndi zimene akhala akuchita chikwatirireni m'banja lathu.

Chipinda chosokeracho chinali chachitali, chonunkha nsalu yatsopano ndi makala a simbi. Pakati panali tebulo lalitali kuposa chipinda chathu cha ku Lokeshoni, kukhoma kunali makina, ndipo kumapeto kunali zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo. Wodula nsalu, yemwenso anali kapitawo, anali Mndebele wamtali wosathamangira kuyankhula. Mwini chipinda anali dona woonda, tepi m'khosi, mapini pakamwa. Ankayankhula mapiniwo ali pomwepo, ndipo sanamezepo ngakhale imodzi, ngakhale kuti pambuyo pake ndinkapempherera zimenezo.

Ndinayamba kuwagulitsa alamu m'Chilapalapa changa chovala pa Sabata, chiyankhulo chimene timamvanirana ndi azungu kuno. Ndinatulutsa chisoti chimene anasoka, ndinati manja ngati awa sapezeka kuchokera pano mpaka ku Joni. Dona anachitembenuza chisoticho, kuchiyang'ana m'kati nthawi yaitali. Kenako anayang'ana phazi la alamu. Atatero anandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti nanga iweyo umatani.

Apa mpamene ndikanati ndine wowaperekeza chabe. Koma pakamwa panga sipanamvepo funso n'kulilola lidutse lokha. Ndinati ndine telala, makina amandimvera ngati galu wanga, ndimasoka buluku mwini wake asanamalize kusuta ndudu.

Dona anagwedeza mutu. Anati mpando ndi umodzi, ndipo wokhalapo ayenera kudziwa zonse, makina ndi singano yapamanja. Popeza mwabwera atelala awiri, muyesedwa nonse. Makatani amayenda awiriawiri, wina asoke ya kumanzere, wina ya kumanja. Amene asoke bwino, mpando ndi wake.

Ndinayesa kubweza mawu, kuti ine ntchito ndili nayo kale. Anati ukapita iwe, mutengane. Motero ndinalowa m'mayeso opikisana ndi munthu amene ndinabwera kudzamupezera ntchito, atavala jekete langa lomwe.

Ndiyambe ndanena kuti katani ya azungu ndinali ndisanaigwirepo. Kwathu ku Lokeshoni katani inali thumba la ufa lokhomedwa ndi misomali iwiri, ndipo palibe analifunsapo satifiketi. Kapitawo ndiye anatiwonetsa. Katani yeniyeni ndi nsalu ziwiri. Pali yokongola, yamaluwa, yoyang'ana m'nyumba. Kumbuyo kwake kuli ina yoyera, layiningi, yoyang'ana kumsewu, ntchito yake kupsa ndi dzuwa kuti inzakeyo isasuluke. Zidutswa zazitali umazilumikiza pa makina, maluwa akumane ndendende pamsoko. Koma kugwirizanitsa layiningi ndi nsalu yamaluwa ndi ntchito ya pamanja. Singano imangotola ulusi umodzi wa kumbuyo, osabowola kutulukira kumaso, ndipo ulusi wako suumanga, umausiya wolendewera pang'ono kuti nsalu ziwirizo zizipuma. Pansi, iliyonse ili ndi mpendero wake, layiningi n'kufupikirako, ndipo m'makona mumalowa timiyala ta mtovu kuti katani iime chilili ngati msilikali.

Atamaliza, kapitawo anasisita nsaluyo n'kutiuza chimene dona sanatiuze. Iyi sinali nsalu ya mayeso. Inali ya dona wina wa kumayadi amene anaitanitsa makatani a chipinda chake chochezera, ndipo mpukutu wina wotere munalibenso m'dziko lonse. Katani imodzi ikasiyana ndi inzake, zonse ziwiri zawonongeka, ndipo nkhani yake ikathera kupolisi.

Taonani mayeso ake. Mwana wasukulu amayesedwa pa sileti, akalakwa amafufuta ndi malovu. Ife tinayesedwa pa katundu wogulitsidwa kale, opanda malipiro, apolisi atatiimira kumsana. Ndipo nzeru yanga yoyamba inafera pomwepo. Ndinkaganiza zosoka katani yanga moipa dala kuti alamu apambane. Tsopano sizikanatheka. Ndikaipitsa yanga, ndamiza tonse.

Tsiku loyamba linatiwonetsa mmene tinalili. Alamu anakhala pa makina, n'kupalasa ndi phazi limodzi. Makina opalasa akapanda kulandiridwa bwino ndi phazi amabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka. Unaduka, anaulowetsa, unadukanso. Ine mbali inayo ndinali ndi singano yapamanja, ndikuyeseza pa kachidutswa. Alamu anadzasuzumira, n'kufunsa mwaulemu wonse ngati ndikusoka katani kapena ndikumanga mtolo wa nkhuni. Ndinawayankha kuti makina aja akuwafunsa ngati ali ndi chifukwa nawo. Tinaseka, koma aliyense akuyang'ana kumbali.

Masana dona ankapita kwawo kukadya, n'kusiya kapitawo kuti atiyang'anire. Ndinamutsata panja pamene ankatsuka manja. Ndinayamba kutali, za mvula yochedwa, za ng'ombe zake kumudzi, za maso a munthu wamkulu amene amafunika kupumula masana. Tinanenererana bwino ndithu, ndipo ndinakondwa kuti ndamutsitsa kuchoka pa malaya atsopano kufika pa paketi ya fodya. Kuyambira tsiku limenelo, dona akangotuluka, kapitawo ankatenga mpando wake n'kukakhala pansi pa mtengo, msana ataulozetsa kwa ife.

Ndiye masana aliwonse tinkasinthana. Ine ndinkapalasa misoko yonse ya makatani onse awiri, ya ine ndi ya alamu, makina akulira ngati sitima ya ku Beira. Alamu ankakwera patebulo, kupinda mwendo wabwinowo, wina n'kuutambasula, n'kuyamba kutola ulusi wa layiningi pa katani yanga. Dona akabwera, aliyense anali pa yake, ine ndikugwedeza singano pamalo osokedwa kale, alamu akupukuta makina ndi kansanza ngati munthu woti wangomaliza kuwathamangitsa. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndinkawauza alamu, ndikudzitama m'mtima kuti mzungu wakumana ndi mwana wa ku Nyasalande. Iwo ankangoti eya, alamu, n'kuluma ulusi.

Nzeru yanga yotsiriza inali yakuti pa tsiku loweruza, makatani akapezeka ofanana, ine ndidzadzichotsa ndekha mwaulemu. Ndidzati Mmwenye wanga wandikaniza kuchoka. Mpando udzatsalira alamu. Za mmene adzapalasire makina mawa lake, ndinati tidzaona mawa lake.

Linafika tsikulo. Dona anadikira dzuwa lipendeke, lilowe pa zenera lalikulu lija. Kapitawo anakwera pa makwerero n'kupachika makatani athu onse awiri. Amayi awiri amene ankasita anaika simbi pansi kuti awonerere.

Ndisaname, makataniwo anali okongola. Anatsika kuchoka kudenga mpaka pansi popanda khwinya, makona ataima bwino. Dona anawakoka kuti akumane pakati. Pamphepete pa katani yanga panali theka la duwa, pa ya alamu theka linalo, ndipo zitakumana linakhala duwa limodzi lathunthu. Mmodzi wa amayi aja anaomba m'manja kamodzi n'kudzigwira.

Dona anaima patali, kenako pafupi, mphuno pansalu, kufunafuna pamene singano inabowola. Sanapapeze. Anapita kumbuyo, pakati pa katani ndi galasi, ife tikungowona chithunzithunzi chake chikuyenda. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa katani limaulula zonse za m'kati, msoko wokhota, ulusi woiwalika, chilichonse. Panalibe choulula. Anagwada, kukweza mpendero, kupima ndi zala ngati layiningi yafupikira mofanana. Ine ndinali nditayamba kale kukonza pakhosi kuti ndinene za Mmwenye wanga.

Ali chigwadire, anandikodola. Anandiwonetsa kumapeto kwa msoko wa makina pa katani yanga. Ife atelala a pakhonde tili ndi chizolowezi. Kasitomala wa ku Lokeshoni salandira buluku asanaligwire ndi manja awiri n'kulikoka pamsoko ndi mphamvu zake zonse, ndiye kumapeto kwa msoko timapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, mpaka pakhale kachotupa kolimba ngati njere ya chimanga. Katani palibe amaikoka chomwecho, koma phazi langa silinkadziwa zimenezo. Anandiwonetsa kanjere kanga pa katani yanga. Kenako anakwawa pang'ono, n'kundiwonetsa kanjere komweko pa katani ya alamu.

Atatero anakodola alamu. Osoka zisoti akafika kumapeto kwa ulusi samanga mfundo, amatseka ndi timisoko titatu totambasuka ngati phazi la nkhuku. Phazi la nkhukulo linali m'kati mwa mpendero wa alamu. Linalinso m'kati mwa wanga. Tinali titasaina makatani onse awiri, aliyense ndi dzanja lake, ngati anthu ofuna kuti asaiwalike.

Mpaka apa sindidandaula. Tinagwidwa, ndipo maso a dona uja anali maso a ntchito, ndimupatse zake. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chimene chinatsatira. Analoza makina, n'kuuza alamu kuti akhalepo, asoke iye akuwona.

Ankafuna kudziwa chiyani chimene sankachidziwa? Phazilo analiwona tsiku loyamba, tisanapereke n'komwe moni. Alamu anakhala pampando, bambo wa ana, munthu wa imvi m'ndevu, n'kuika phazi lopindikalo pa chopalasira. Makina anapita patsogolo, n'kubwerera, ulusi phwa. Dona anati ayesenso. Alamu anaulowetsanso ulusi. Unadukanso. Anati ayesenso. Amayi ositawo anatenga simbi zawo n'kuyamba kusita nsalu zosita kale, kuti asawone. Ine anangondipatsa singano ndi kachidutswa, n'kundilanda ndisanafike patali, kuchiwonetsa kwa kapitawo ngati wapeza mphemvu.

Kenako anati tonse awiri tizipita. Wina alibe miyendo, wina alibe manja, ndipo nonse ndinu akamberembere. Anabweza mapini pakamwa, n'kutembenuka kulowera ku chitseko cha kusitolo.

Ndinauwona msana wakewo ukupita, pang'onopang'ono, osafulumira. Ine amene ndinaphunzitsa theka la Lokeshoni kutembenuka kumeneko, sindinakuzindikire. Chimene ndinawona ndi alamu akuvula jekete langa, kulipinda bwinobwino, n'kugwira thumba la malaya mmene munali chitupa chawo.

"Dona," ndinaitana. "Taimani pang'ono, tikambirane."

Anaima, osatembenuka kwenikweni. Wogula wodziwa amaima choncho.

"Makataniwo ndi abwino, mwawawona nokha," ndinatero. "Lembani alamu angawa, muwasainire chitupa. Za pamanja zonse ndi zawo. Misoko ya makina ndizidzapalasa ine m'mawa ndisanapite kukhonde."

"Nanga iwe akulipira ndani?"

"Palibe, dona. Munthu akagula chinthu chabwino amamuikira basela pamwamba."

Kwathu timati banyira, kuno amati basela, kanthu kaja wogulitsa amakuwonjezera kuti udzabwerenso, kaswiti, kasingano, katomato kamodzi. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga ndekha, popanda wondikakamiza.

Mukuganiza kuti analumphira? Anakwinya nkhope ngati ndamupatsa nsomba ya dzana. Anati ayikona, sizingatheke, m'mawa mokha sikukwanira, ntchito imachuluka Loweruka. Ndinati Loweruka ndiye tsiku la pakhonde, anthu atalandira. Anayambanso kuyenda. Ndinati chabwino, Loweruka m'mawa, koma masana ndi anga. Anaganiza nthawi yaitali, n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene akuluza chifukwa cha chifundo, n'kuti mushe, zili bwino. Anatenga chitupa cha alamu n'kukachisaina. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinawerama n'kuomba m'manja kuthokoza. Ndinatuluka m'chipindamo chifuwa chili patsogolo chifukwa ndapulumutsa Loweruka masana.

Panja tinapeza kapitawo akusuta fodya wanga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti inu Manyasa ndinu anthu abwino, koma fodyayu ndasuta waulere. Ndinamufunsa kuti waulere bwanji. Anati tsiku loyamba lomwelija, ife tikuyang'ana nsalu, dona anamuuza m'Chingerezi kuti uyu ali ndi manja, uyo ali ndi miyendo, masana uziwasiya okha. Pansi pa mtengo paja anachita kutumidwa.

Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina. Ng'omayo ndinaiomba ine, ndipo ndinagula ndekha chikopa chake ndi paketi ya fodya.

Tinayenda ulendo wobwerera ku Lokeshoni, ine ndikuchepetsa mapazi kuti alamu asatsalire. Titadutsa njanji ndinalephera kupirira. Ndinayamba kutukwana dona, mapini ake, tepi yake, makolo ake kutsidya kwa nyanja. Ndinati munthu angayese bwanji anthu mayeso amene yankho lake ali nalo kale m'thumba, n'kuchititsa manyazi munthu wamkulu pamaso pa azimayi kuti mtengo utsike. Ndinafunsa alamu ngati iwo sanawone kalikonse masiku onsewo.

"Ndinawona, alamu," anatero. "Kapitawo wanji amene amalozetsa msana ku nsalu yoti kulibe ina m'dziko lonse?"

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munati ndisatsegule pakamwa."

Anayenda pang'ono, n'kuwonjezera kuti ndikanakuuzani mukanakwiya, mukanamuyankha dona monga mudziwira kuyankha, ndipo bwenzi pano tikumanga katundu wa mlongo wanu. Za pa makina zija, anati, phazi lomwe linapirira chitsulo cha njanji silingalephere kupirira maso a azimayi awiri. Anagwiranso thumba la malaya, kumva ngati chitupa chilimo.

Chipinda chija sichinapite. Mlongo wanga analerera momwemo ana ake, ndipo alamu anakhala pa tebulo lalitali lija mpaka maso atayamba kuwavuta, chipinda chosokeracho chitasamukira kale ku Belmont, kumene kuli mafakitale. Ine ndinapalasa makina a dona m'mawa uliwonse kwa zaka zimene sindifuna kuziwerenga, munthu wosalembedwa paliponse, wosayesedwanso, wosalipidwa. Singano yapamanja sindinaiphunzire, mwadala. Ndinkaopa kuti ndikaidziwa, dona adzawona kuti manja ndi miyendo zapezeka pa munthu mmodzi. Alamu ankadziwa chifukwa chake, koma pamaso pa anthu ankati mlamu wawo ali ndi zala za mvuu, ndipo ndikalowa m'mawa ankauza amayi ositawo kuti akonze malo, basela wafika.

Makatani athu oyamba aja ananyamulidwa sabata yomweyo. Woyendetsa ngolo uja anandilozera nyumba yake kumayadi, ndipo ndinkati ndikatumidwa chakumeneko ndinkapatuka dala kudutsa pamsewupo. Maluwa aja sindinawawonenso. Kuchokera pamsewu umangowona layiningi, yoyera poyamba, kenako yachikasu ndi dzuwa. Ndinkaima pang'ono kutsidya kwa msewu mpaka galu wa panyumbapo ayambe kundifunsa chitupa.

Anthu sanasiye kudzandibwereka kuti ndikawanenerere, chifukwa nkhaniyi sindinaiwulule ndipo alamu anali munthu wosunga pakamwa, monga mwawonera. Ndinkapitabe, kutembenuka kwanga kunkagwirabe ntchito. Chimene chinasintha ndi chimodzi. Pakhonde, mayi akalandira diresi lake n'kuloza kachidutswa kotsala kuti atelala, tiikireniko basela, ndinkakwiya mkwiyo woti mayiyo ankabwerera m'mbuyo, osadziwa chimene walakwa. Kenako ndinkachita manyazi, n'kumukulungira kachidutswako, nthawi zina ndi mabatani omwe.